Ndikufuna kumanga siteshoni ya Luchenza pa thabwa: njanji yake ndigule ya mpata wanji?

Mwana wa Gadi, Leicester

Moni nonse abale anga, makamaka akuluakulu amene munagwirapo ntchito kunjanji. Ndili ndi funso, koma mundilole ndiyambire patali pang'ono kuti mumve chimene chikundisowetsa tulo.

Malemu bambo anga anali gadi wa sitima. Tinkakhala ku Limbe, koma kwawo kwa mayi ndi kufupi ndi Luchenza, ndiye sukulu ikangotsekera ankatikweza sitima yopita kumunsi ku Nsanje n'kukatitsitsa pa Luchenza, pomwe agogo ankakhala akutidikira kale pansi pa mtengo wa mango. Izi ndi za m'ma 1979 mpaka 1982. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona dothi lofiira lija, phiri la Mulanje litatsekereza kum'mawa konse, amayi a nthochi ndi chinangwa chophika akuthamangira m'mawindo, ndi bambo atatsika kumbuyo kwenikweni kwa sitima, mbendera ziwiri m'khwapa, wezulo kukamwa.

Kuno ku England ndakhala zaka 16 ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, makamaka usiku. Gogo wina wamwamuna amene ndinkamusamalira anali ndi tisitima tamagetsi m'galaja mwake. Manja ake atayamba kunjenjemera, ine ndi amene ndinkamukhazikira timabogi panjanji. Chidwi chinandigwirira pamenepo. Atamwalira, ana ake anandipatsa katoni ya njanji, injini ziwiri ndi timabogi khumi ndi tiwiri. Ndinalowa kalabu ya anthu okonda zimenezi, timakumana Lachiwiri madzulo, ndipo zaka zitatu zapitazi ndakhala ndikuthandiza kumanga masiteshoni a anzanga, onse a ku England konkuno. Tsopano andiuza kuti pa chionetsero chathu cha chaka chamawa andipatsa malo anga, otalika mamita 2.4. Sindinachedwe n'kuganiza komwe. Ndinangoti Luchenza.

Vuto langa nali. Zonse zimene ndili nazo ndi za muyezo wa OO, umene Angelezi ambiri amagwiritsa ntchito. Pa muyezo umenewu chinthu chimachepetsedwa ka 76, kutanthauza kuti fiti imodzi imasanduka mamilimita 4, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 16.5. Koma njanji yakwathu ndi yopapatiza poyerekeza ndi yakuno. Yakuno ndi mamilimita 1,435, yathu ndi 1,067, mafiti atatu ndi theka, yofanana ndi ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Mukagawa 1,067 ndi 76 mupeza 14. Njanji ya mamilimita 14 ine sindinaipezepo m'sitolo.

Mkulu wina wa m'kalabu, munthu wosamala kwambiri za miyezo, wandionetsa njira ziwiri. Yoyamba ndi kusunga njanji yanga ya 16.5 yomweyi koma china chilichonse n'kuchikulitsa, chizichepetsedwa ka 64, monga amachitira anzathu a ku New Zealand omwenso njanji yawo ndi ya mafiti atatu ndi theka. Masamu ake akugwirizana bwino, koma ndiye kuti bogi iliyonse, nyumba iliyonse, ndiyenera kusema ndekha kuyambira pansi. Yachiwiri ndi kutsikira ku muyezo wa HO, wochepetsa ka 87, pa njanji ya mamilimita 12 imene kampani ya Peco imapangira anthu omanga njanji za m'mapiri a ku Switzerland. Imeneyinso ikuyandikira kwambiri choonadi, koma ndiye kuti katoni ya gogo uja ndiyiike pambali, ndiyambe kugula zonse mwatsopano. Ine ndili ndi ana awiri a mchemwali wanga amene ndimawalipirira sukulu kumudzi, ndalama yoseweretsa ndilibe. Mkulu uja akuti ndikayendetsa sitima ya ku Malawi pa njanji ya 16.5 m'muyezo wa OO, odziwa adzaona kuti ndanama. Mawu amenewa andikhala pamtima, chifukwa chinthu ichi ndikupangira bambo anga ndipo sindikufuna kuwanamizira.

Vuto lachiwiri ndi dothi. Ndinayeserera pa kachidutswa ka pulayiwudi. Ndinagula ufa wofiira wa m'sitolo ya tisitima, ndinaumata ndi guluu, utauma unaoneka ngati njerwa yoperapera, kufiira kofanana paliponse, kopanda moyo. Ndinayesa mchenga wa omanga nyumba, koma patapita masiku awiri injini imodzi inayamba kulira modabwitsa, nditaitsegula ndinapeza tinthu takuda tatamatirira ku mota. Ndinaipulumutsa, koma mantha andigwira.

Vuto lachitatu ndi anthu. Tianthu togulitsa m'sitolo ndi tazungu tovala makhoti ndi zipewa. Siteshoni yakwathu yopanda amayi osenza mabeseni si siteshoni.

Ndiye ndithandizeni. Njanji ndigule iti? Dothi la katondo ndilipeza bwanji? Ndipo amene mukuikumbukira Luchenza ya nthawi imeneyo, ndiuzeni chimene sindiyenera kuiwala.

Mjoni wa ku Germiston

Achimwene, pepani za bambo. Pa nkhani ya mpatayo ine ndikuti musataye katoni ya gogoyo.

Kamufunseni mkulu wanuyo funso limodzi. Njanji ya ku England ya mamilimita 1,435 akaigawa ndi 76.2 amapeza chiyani? Yankho ndi 18.83. Koma iye ndi anzake onse a OO akuyendetsa sitima zawo pa 16.5. Ndiye kuti njanji yawo yaperewera ndi mamilimita awiri ndi kachidutswa, yanu idzapyola ndi mamilimita awiri ndi theka. Kulakwa kwake n'kofanana, kungoti wina walakwira kumanzere, wina kumanja. Alipo ndithu Angelezi amene zimenezi zimawapweteka, ndi amene anayambitsa miyezo ya EM ndi P4, ya njanji ya mpata wokulirapo woyandikira weniweni, ndipo ndimawalemekeza chifukwa ntchito yawo ndi yaukhondo. Koma ambiri m'holo yomwe mudzaonetseremo adzakhala a 16.5 omwewo.

Kuno ku Joni njanji ndi yofanana ndi yakwathu, koma anthu ambiri amene ndimawadziwa amayendetsa sitima za South Africa m'muyezo wa HO pa njanji ya 16.5. Kampani ya ku Italy ya Lima inkapanga sitima zakuno choncho kalekale, ndipo mpaka lero zimapezeka kwa ogulitsa zakale. Pamenepo kupyola kwake n'kwakukulu kuposa kwanu, koma zionetsero zikuchitika ndipo anthu amazindikira sitima zawo.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti ngati mugule njanji yatsopano, mugule yazitsulo zazifupi, imene amati code 75, osati code 100 imene mwina ili m'katoniyo. Chitsulo chikakhala chachifupi diso limaona njanji yopepuka, ya kuthengo. Koma yambani mwayesa ngati mawilo a injini zakalezo akudutsa bwino, chifukwa ena akale ali ndi milomo yaitali imene imagunda pansi. M'mbali mwa chitsulo mupakemo penti ya dzimbiri, pamwamba pokha ndi pamene pazinyezimira.

Tinthu takuda tija ndi chitsulo cha mumchenga. Mota ili ndi maginito, ndiye imatola. Ena akuuzani machenjerero ake.

Za magetsi ndinene chimodzi chimene ndinachiphunzira mochita kulira. Musadalire tizitsulo tolumikizira njanji kuti ndi timene tizidutsitsa magetsi. Kachidutswa kalikonse ka njanji kakhale ndi timawaya take tiwiri towotcherera kunsi, totsikira ku mawaya awiri aakulu oyenda pansi pa thabwa. Ine ndinanyalanyaza zimenezi, tsiku lachionetsero sitima inkaima malo amodzimodzi anthu akuonerera, chifukwa guluu wa miyala anali atalowa m'cholumikizira. Pa siteshoni yaing'ono yoyenda injini imodzi simukufunika DCC, makina aja oyendetsera injini zingapo pa njanji imodzi iliyonse payokha, bokosi lakale la magetsi a mavoliti 12 likukwanira. Ndalama imeneyo ipite ku fizi.

Mamita 2.4 muwadule pawiri, matabwa awiri a mamita 1.2, kuti azilowa m'galimoto komanso muzitha kunyamula nokha. Ndipo ganizirani chimene sitimayo izidzachita tsiku lonse. Kungodutsa uku ndi uku kumatopetsa ngakhale mwini wake. Fufuzani kaseweredwe kotchedwa Inglenook, komwe pamakhala tinjanji titatu topatuka, kamodzi kokwana mabogi asanu, tiwiri tokwana atatu katatu, mabogi onse asanu ndi atatu, ndipo mumasanja asanu motsatira ndondomeko imene mwatola mwamaere. Ana amaima pamenepo mpaka makolo kuwakoka.

Agogo a ku Mpingwe

Mwana wanga, mdzukulu wanga ndi amene wandionetsa uthenga wako pa foni, ndipo ndi iye akundilembera. Ndinagwira ntchito kunjanji ku Limbe kuyambira ndili mnyamata mpaka kupuma. Magadi a nthawi imene ukunenayo ambiri ndinadya nawo nsima, ndiye kaya bambo ako ndi ndani, ndiwe mwana wathu.

Za mamilimita zanuzo ine sindilowererapo kwambiri, koma a ku Joniwo ndiwatsutsa pang'ono. Kupapatiza kwa njanji yathu kumaoneka ndithu. Ukaima kutsogolo kwa sitima yakwathu umaona thupi lalikulu litakhala pa miyendo yoyandikana, bogi itasefukira mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake ikamabwera imachita ngati ikuvina. Ngati njanji yakoyo siingapapatize, ndiye uonetsetse kuti anthu aziyiona cham'mbali, osati chakumaso.

Tsono tamvera zimene ungalakwitse zazikulu kuposa mpatawo. Choyamba, pofika 1979 injini za malasha zinali zitapuma kale. Bambo ako ankayenda kumbuyo kwa dizilo. Ukaika injini yofuka utsi, ndiye kuti wamanga Luchenza wa agogo ako, osati wa bambo ako. Za malashazo ukafuna kuziona, ziwiri zoyambirira zenizeni zilipo, Thistle ili pa siteshoni ya Limbe, Shamrock ili ku myuziyamu ya ku Chichiri. Zinabwera pomanga njanji yoyamba, imene inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Luchenza ili pa njanji yakale imeneyo, yokwera kuchokera ku Chiromo motsatira Ruo. Ndiye usamange nyumba zooneka zatsopano. Pa nthawi yako zinali zitakalamba kale.

Chachiwiri, mabogi a ku England ali ndi timbale tiwiri kutsogolo ndi kumbuyo togundanirana. Athu alibe zimenezo, amakokana ndi chitsulo chimodzi chapakati. Uzidule. Injini ikhale ndi nyali yaikulu pamphumi ndi chitsulo chokankhira ng'ombe kunsi, chifukwa njanji yathu ilibe mpanda, mbuzi, ng'ombe ndi anthu onse amadutsa momwemo. Ukaikanso mpanda m'mbali mwa njanji ngati wa Azungu ndiye walakwitsa. M'malo mwake uike kanjira ka anthu oyenda pansi kotsata njanjiyo, kosalala chifukwa cha mapazi ndi njinga.

Chachitatu, masilipa. Malo ambiri tinkaika achitsulo chifukwa cha chiswe. Ndipo pa siteshoni sankaoneka bwino, anali atakwiririka m'dothi, mafuta akuda atadontherapo pamene injini imaima. Miyala ya kwale yoyera mbee ngati ya pa chithunzi kunalibe pamenepo.

Njanji ndi imodzi yokha, sitima zimapatukirana pa siteshoni. Popatukira pake munthu ankachita kupita ndi miyendo kukatembenuza chitsulo ndi manja. Umuike munthu ameneyo, ataima padzuwa ndi mbendera.

Katundu wa pa Luchenza anali tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo, m'mabokosi a pulayiwudi, akupita ku doko la Beira kudzera pa mlatho wa Dona Ana, wa pa mtsinje wa Zambezi, umene unatsegulidwa mu 1935. Kuchokera kumunsi kunkabwera feteleza, mchere, mafuta. Zaka zako zomwezo ndi zomalizira zabwino, chifukwa pambuyo pake nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, kenaka madzi anadzadula njanji ku Chiromo mu 1997. Mtima umandiwawa ndikakumbukira.

Koma chachikulu ndi ichi. Pa siteshoni yathu sitima imakhalapo kanthawi kochepa, anthu amakhalapo tsiku lonse. Ena anafika dzulo, agona pomwepo. Uike anthu ogona pa matumba, mayi akuyamwitsa, nkhuku zomangidwa miyendo, mtolo wa nzimbe, bambo atavula nsapato. Ukatero ngakhale sitima isaoneke, wakwathu adzadziwa kuti ali kwawo.

Nachisale, Glasgow

Achimwene, ine ntchito yanga ndi yomanga tinyumba toyerekezera ta akatswiri ojambula mapulani, ndipo chaka chilichonse sindiphonya chionetsero cha tisitima cha Model Rail Scotland kuno. Ndiyankha za dothi, mitengo ndi anthu, chifukwa ndi kumene ndikuona kuti ntchito yanu idzaimira kapena kugwera. Agogo anena zoona. Pa anthu zana odzaima patsogolo panu, oyeza njanji ndi diso adzakhala awiri kapena atatu. Ena onse adzayang'ana mayi wosenza beseni.

Dothi lenileni limaposa ufa wogula, koma musauze abale kuti akunyamulireni katondo m'chikwama, malamulo akuno salola dothi lochokera kwathu kulowa. Ku Devon kuli dothi lofiira, mukakhala ndi mnzanu wopita kumeneko mumupemphe akutapireni m'chitini pamalo pololedwa. Mukalipeza muliyanike, muliotche mu uvuni pa thireyi yakale pafupifupi ola limodzi kuti tizilombo tife, mulipere, mulisefe ndi sefa ya tiyi, kenaka mulisefenso pa sokosi yopyapyala ya amayi. Mukatero mukulunge maginito amphamvu m'kapepala ka pulasitiki n'kuwayendetsa m'dothimo kangapo mpaka asiye kutola kanthu. Mukanatero, injini yanu ija sikanavutika. Likavuta dothi, simenti yomatira m'mipata ya matailosi imagwiranso ntchito, musakanize yofiirira, yachikasu ndi yotuwa.

Chimene chinakulakwirani poyamba ndi kufanana kwa mtundu. Kumbukirani bwino bwalo la agogo anu. Pamene anthu amaponda pamakhala potuwa, pafupifupi pinki. M'ngalande mumakhala mofiira kwambiri. Pophikira pamakhala pa phulusa. Ndiye muzithira mitundu itatu kapena inayi mosinthanasinthana, ndipo yonse ikhale yowalirapo kuposa mmene mukuikumbukira, popeza guluu amadetsa dothi ndiponso magetsi a m'holo si dzuwa la ku Thyolo. Pomata, sakanizani guluu woyera wa matabwa ndi madzi muyezo wofanana, mudonthezeremo kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere. Yambani mwanyowetsa dothilo ndi kamfuti kopopera madzi, kenaka muzidontheza guluuyo pang'onopang'ono. Popatukira njanji musafikitsepo guluu, ndipo muzipagwedeza pamene akuuma.

Musankhe mwezi. Ambiri amaiwala zimenezi n'kuika udzu wobiriwira pambali pa mtengo wouma. Mwati munkapita sukulu ikatsekera, ndiye ngati ndi holide yaitali ya chilimwe, udzu ukhale wouma, wachikasu, pena pali lupsa lakuda, m'minda muli mapesi ndi nandolo. Tiyi yekha ndi amene sasintha kubiriwira, mungamuonetse chapatali pa chithunzi chakumbuyo.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Musaikepo mlambe, ngakhale anzanu a m'kalabu akuumirizeni kuti ndi umene udzaonetse kuti kuno ndi ku Africa. Milambe ndi ya kuchigwa ndi kunyanja. Luchenza ndi wa mango, bulugamu, nthochi ndi nsungwi. Mitengoyi mupange ndi waya, luso lomwe lija tinkapangira magalimoto tili ana. Tengani chingwe chakale cha magetsi, musende, mupote timawaya take kukhala thunthu, muzitigawa pokwera kukhala nthambi, mupake guluu wosakaniza ndi utuchi kuti likhale khungwa. Mango akhale wozungulira, wamasamba othithikana, wamthunzi wakuda bii. Bulugamu akhale wamtali, wowonda, thunthu loyererako. Masamba a nthochi mudule papepala lopyapyala, muwang'ambe m'mbali ndi lezala monga imachitira mphepo, ena muwapake bulauni alendewere pansi.

Malata mungagule opangidwa kale, koma ine ndimakonda kudula mbale za aluminiyamu zotengeramo chakudya, n'kuzidinda pa chipeso cha mano oyandikana. Amapindika ngati malata enieni. Dzimbiri liziyambira pa misomali ndi polumikizira n'kumatsetsereka. Makoma a siteshoni, kunsi kwake mupakeko kufiira kwa dothi lothovukira nthawi ya mvula, chifukwa nyumba yakwathu iliyonse ili ndi mzere umenewo.

Tsopano anthu. Pa muyezo wanu munthu wamkulu ndi wamtali mamilimita 22. Gulani tianthu tosapaka penti, timatchipa, ndipo mudule zipewa ndi makhoti ndi kampeni. Chitenje chipangidwe ndi kapepala kopyapyala konyowetsa m'guluu wamadzi uja, mukulunge kuyambira m'chiuno mpaka m'miyendo, chikauma mudontheze maluwa ndi nsonga ya singano. Mwana kumsana ndi kampira kakang'ono ka phala lomatira, n'kukulunganso kapepala kodutsa paphewa. Beseni ndi kachibowo ka paketi ya mapilitsi. Khungu musapake penti yakuda, imapha nkhope. Sakanizani bulauni ndi kofiira pang'ono, ndipo anthu asafanane onse. Kumbukiraninso zaka zimene mwasankha. Lamulo la kavalidwe la 1973 linali likugwira ntchito, ndiye pasapezeke mayi wa thalauza kapena siketi yaifupi, kapena mwamuna wa tsitsi lalitali. Zitenje zina zikhale ndi kabwalo pakati, wakwathu adzadziwa yekha kuti ndi nkhope ya Kamuzu.

Phiri la Mulanje mulijambule lotuwa mobiriwirako ngati utsi, lopanda mizere yakuthwa, apo ayi lidzaoneka ngati lili kuseri kwa chimbudzi cha siteshoni. Thabwa lonse muliimike chapamwamba, cha m'chifuwa, kuti anthu aziona cham'mbali monga anenera agogo, ndipo mubweretse kabokosi kolimba kokwerapo ana. Pa tsikulo mutenge kansalu ndi spirit wopukutira njanji, injini yapadera, ndi munthu wachiwiri wokugwirirani mukamayankha mafunso, chifukwa adzakhala ambiri.

Mphunzitsi wa ku Balaka

Bambo, ine za tisitima tamagetsizi ndangoziona pa YouTube, koma ndawerenga zonse mpaka kumapeto. Sukulu yathu ili kufupi ndi njanji. Ana anga a sitandade 5 amapanga sitima za mawaya ndi makatoni a Chibuku, mawilo ake zitsekerero za mabotolo, ndipo amalumikiza mabogi ambirimbiri chifukwa amatengera sitima zonyamula malasha zochokera ku Moatize zimene zimadutsa pa Nkaya kupita ku Nacala. Sanamuonepo gadi wa mbendera ngati bambo anu.

Mlamu wanga amakhala ku Luchenza. Mukafuna ndimutume akajambule nyumba ya siteshoni mbali zonse zinayi, atapempha kaye kwa oyang'anira, ndipo aimike munthu pakhomo kuti mudziwe kutalika kwa khoma. Chimene ndikupempha ine n'chakuti mukamaliza mutitumizire kavidiyo, ndikawaonetse anawa.

Mwana wa Gadi, Leicester

Zikomo nonse, ndawerenga ndili pa shifiti ndipo uthenga wa agogo ndaubwereza katatu. Agogo, kunena zoona ndinali nditayamba kale kupaka injini ya malasha, chifukwa ndi imene inali yokongola m'katonimo. Nditawerenga mawu anu ndinakhala chete n'kukumbukira kuti phokoso limene ndinkamva ndili pawindo linali la dizilo, ndi fungo lake lomwe. Ndaibwezera m'katoni. Yachiwiriyo ndi ya dizilo, ndidzagwiritsa ntchito mawilo ndi mota yake, thupi ndimange lina ndi pulasitiki. Ngati mukukumbukira mtundu wa penti ya injini ndi ya mabogi a anthu pa zaka zimenezo, chonde mdzukuluyo andilembere, chifukwa zithunzi ziwiri zimene ndili nazo ndi zosaoneka mitundu.

Njanji ndatsimikiza, ikhala ya 16.5 yomweyo, code 75. Lachiwiri ndinapita ndi masamu a achimwene a ku Germiston kwa mkulu uja. Anawerengera yekha papepala, anavomera kuti ndi zoona, komabe anati iye akanasankha ya mamilimita 12. Sitinakangane. Pamapeto pake ndi iye amene wadzipereka kundithandiza kuwotcherera mawaya, ndipo wandibwereka chida chake chodulira njanji. Masilipa ndiwakwirira m'dothi mpaka m'khosi monga mwanenera agogo, thabwa ndiliimika m'chifuwa.

Achemwali a ku Glasgow, za mlambe mwandigwira dzanja lili m'mwamba, anzanga awiri anali atandiuza kale kuti ndiuike pakati penipeni. Sindiuika. Dzulo ndapota mtengo wa mango woyamba ndi chingwe cha ketulo yakufa, ndipo zala zinakumbukira zokha kapotedwe kake. Mnzanga wa kuntchito kwawo ndi ku Exeter, wati abwera ndi dothi m'chitini cha ayisikilimu akapita kukaona mayi ake. Funso lina kwa inu: duku la kumutu mumapanga ndi kapepala komweko, kapena ndi phala lija? Ndayesa kapepala, mfundo yake ikukana.

Aphunzitsi, mlamu wanuyo mumutume ndithu, ndipo ngati n'kotheka ajambulenso ataima pa njanji kuyang'ana kuphiri, m'mawa mitambo isanatseke. Kavidiyo mudzalandira, ndi dzina la sukulu yanu ndidzalifuna kumbali kuti nditumize timabogi tiwiri tachingelezi timene sindidzatigwiritsa ntchito, anawo akatigwire m'manja.

Kamunthu koyamba ndakapanga kale. Ndinatenga kamzungu ka yunifolomu, ndinakadula chikwama, ndinakapinda mkono wamanja kuti ukwere m'mwamba, mbendera yake ndi kachidutswa ka pepala la switi lobiriwira pa waya wa fyuzi. Ndakaimika pa shelefu pambali pa chithunzi cha bambo, kakudikira bogi yake yakumbuyo, imene ndiyamba kudula Loweruka ndikaweruka.